Musanakonze mbiri ya agogo pa FamilySearch, werengani kaye izi

Choyamba chomwe ambiri sitidziwa tikamatsegula akaunti pa FamilySearch nchakuti mtengo wa makolo womwe uli pamenepo siwanu nokha ayi. Ndi umodzi wa dziko lonse, waulere, oyendetsa ake ndi a mpingo wa Latter-day Saints, ndipo cholinga chake nchakuti munthu aliyense amene anamwalira akhale ndi tsamba limodzi basi. Ndiye agogo anu aja ndi agogonso a msuweni wanu wa ku Joni ndi azakhali a ku Harare, aliyense atha kulowa nkusintha zomwe mwalemba, inunso mutha kufufuta za anzanu osadziwa. Ku WikiTree, webusayiti ina ya mtengo wa makolo, nkosiyana pang'ono, kumeneko tsamba lililonse limakhala ndi woliyang'anira, koma ine ndikamba za FamilySearch poti ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito pafoni.

Mukatsegula tsamba la munthu musathamangire kusintha. Onani kaye ID yake, zilembo ndi manambala 7 zomwe zili pafupi ndi dzina, muilembe penapake, chifukwa a Phiri obadwira ku Dedza alipo ambirimbiri koma ID siifanana. Kenako pitani pa Latest Changes muone amene analemba zomwe mukufuna kusinthazo, analemba liti, komanso anapereka chifukwa chanji. Mwina iye ali ndi kalata ya ubatizo yomwe inu simunaionepo.

Pa mayina mpamene pamafunika kudekha. Agogo anga aamuna anali ndi mayina atatu, la kumudzi lomwe anawapatsa atabadwa, lina la ubatizo, ndi lina lomwe analembetsa popita ku Wenela, ndipo anthu a kumigodi ankangowadziwa ndi lachitatulo. Musafufute dzina lomwe mwalipeza nkuikapo lomwe inu mumalidziwa. Pali malo a Alternate Name, onjezerani pamenepo, ena onse akhalepo. Agogo aakazi nawo timangowadziwa kuti aNabanda kapena aNaphiri, amenewo ndi maitanidwe a mfunda, ndiye funsani akuluakulu dzina lawo lenileni, ndipo pamwamba palembedwe dzina la pa utsikana osati la amuna awo. Mawu ngati malemu, gogo, abusa, amfumu asalowe mkati mwa dzina.

Chaka chobadwa musapeke chonde. Makolo athu ambiri analibe mapepala, ndipo ngakhale pa chiphaso cha unzika chomwe ambiri analembetsa mu 2017 okalamba ena anangoyerekeza chaka. Ngati amayi anu akuti agogo anabadwa nthawi ya njala ya 1949, lembani about 1949, makinawo amalola. Malo nawonso, lembani mmene ankatchulidwira nthawi imeneyo kenako musankhe dzina lomwe makinawo akupatseni pa mndandanda kuti malowo azipezeka pa mapu. Kumbukirani kuti 1964 isanafike dziko lino linali Nyasaland, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chipata ku Zambia inali Fort Jameson, ndiye mukaona mayina amenewa pa tsamba la agogo sikuti wina walakwitsa. Mudzi ndi T/A muziikanso, boma lokha silikwanira.

Mukasintha chilichonse pamabwera kabokosi kolembedwa Reason This Information Is Correct. Ambiri amangokadumpha, ndipo ine zimandipweteka kwambiri. Lembanimo ngakhale mChichewa momwe, mwachitsanzo kuti chakachi ndachitenga pa chiliza kumanda a kwathu, kapena kuti anandiuza ndi mwana wawo womaliza yemwe anali pa maliropo. Ngati muli ndi pepala, kaya kadi ya ubatizo, kaya chitupa cha msonkho, kaya kapepala ka mbiri ya malemu komwe kanawerengedwa pa maliro, lijambuleni muike pa Memories, malo osungira zithunzi ndi mapepala, ndipo mulilumikize ngati Source, kutanthauza umboni. Pa Memories pomwepo mutha kuikanso mawu, ndiye mukapita kumudzi khalani pakhonde ndi agogo omwe atsala muwajambule akutchula okha mayina a makolo awo, mutawapempha kaye. Kwa ife umboni waukulu ndi umenewu.

Tsopano ubale. Kwathu kuno mchimwene wa bambo ndi bambo, mchemwali wa mayi ndi mayi, ndiye wachikulire akati awa anali bambo anga funsaninso kuti okuberekani kapena bambo aang'ono. Makinawo amalola kuika makolo oposa awiri nkusonyeza kuti awa ndi obereka, awa ndi olera, awa ndi opeza. Mwana amene anakulira kwa amalume musamuchotse kwa makolo ake, onjezerani amalumewo ngati omulera. Pa mitala mkazi aliyense akhale ndi tsamba lake ndipo ana aikidwe pansi pa mayi awo enieni, osati kungowaunjika onse kwa mkazi wamkulu.

Chomwe chimaononga kwambiri ndi Merge, kuphatikiza masamba awiri kukhala limodzi. Makinawo akaona mayina ofanana amakuuzani kuti Possible Duplicate, koma ife timatcha ana mayina a agogo awo, ndiye dzina limodzi mudzi umodzi atha kukhala anthu awiri. Kwathu wachibale wina anaphatikiza agogo ndi mdzukulu wawo wotengera dzina, tinangoona munthu mmodzi ali ndi akazi a mibadwo iwiri, ana ena obadwa iye ali kumanda kale, ndipo zinanditengera madzulo atatu ndi bandulo yambiri kuti ndiwalekanitse. Musanadine Merge yerekezani makolo, mkazi, ana ndi zaka. Chimodzi chikasemphana siyani kaye, mukatsimikiza kuti ndi anthu awiri dinani Not a Match nkulemba chifukwa. Zikalakwika kale pitani pa Latest Changes pomwe paja, zakale zimabwezeka ndi Restore.

Amoyo mukawalemba amaoneka kwa inu nokha, koma mukangochonga kuti Deceased, kutanthauza kuti anamwalira, tsamba lawo limaonekera dziko lonse. Amalume amene anatchona ku Zimbabwe osamvekanso musawalembe kuti anamwalira chifukwa choti papita zaka, asiyeni ngati amoyo mpaka mutamva zenizeni.

Mukamaliza dinani kanyenyezi ka Follow kuti wina akasintha muzidziwa. Akasintha zomwe simukugwirizana nazo musabweze mwaukali iye nkubwezanso, dinani pa dzina lake mumutumizire uthenga, mumuuze kuti ndinu mdzukulu wa uje wa mudzi wakuti ndipo mufunse komwe anazitenga. Wachibale anaphatikiza agogo uja ndinamulembera choncho, ndipo patatha sabata ananditumizira chithunzi cha agogowo ali ku Joni atavala chipewa cha kumgodi, chomwe kunyumba kwathu kunalibe ndi mmodzi yemwe amene anachionapo.