Musatumize foni kumudzi musanaitsegulire akaunti nokha

Abale anga a ku Johannesburg, Cape Town, Leeds kaya muli kuti, ndimvereni poti ine zinandiwotcha kale.

Ndinawatumizira amayi foni ya Tecno kuti aziona zidzukulu zawo. Inapita ili m'bokosi, yosatsegula, ndipo apo ndi pomwe ndinapusa. Amayi anainyamula kupita nayo pa tauni kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Iye anawatsegulira akaunti ya Google, nambala yolandirira khodi n'kuikapo yake, pasiwedi osawalembera ngakhale pakapepala. Analipiritsanso. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chojambulidwa chinkalowa m'menemo: chinkhoswe cha mlongo wanga, kanema wa amayi akuimba ndi amvano anzawo, ndi mwambo wa chiliza cha bambo.

Foni ija itagwera m'ndowa ndinagula ina. Kuti tilowe, khodi ikupita kwa mnyamata uja. Ndinamuimbira, akuti nditumize kaye ya mayunitsi. Ndinatumiza. Mawa lake akuti simu ija inatayika kalekale. Mkuja foni osayankha. Mlongo wanga atapitako anapeza m'kontena mwake mukugulitsidwa kaunjika. Chiliza chija ndinamangitsa ndi thukuta langa, ine osapitako chifukwa cha mapepala, ndipo lero ndili ndi chithunzi chimodzi chokha chachimbuuzi cha pa WhatsApp. Mpaka pano ndikachiona mtima umawawa.

Tsono zochita zake n'zochepa. Tsegulani akaunti muli konkuno, nambala ndi imelo yobwezeretsera zikhale zanu, pangani alubamu mu Google Photos (apu ya Google yosungira zithunzi pa intaneti), muigawe, kenako foni izipita.

Koma pali misampha. Malo aulere ndi 15 GB basi, ndipo amagawana ndi Gmail ndi Drive. Zosunga zithunzi mopanda malire zinatha pa 1 June 2021, choncho amene akukuuzani zimenezo watsalira. Makanema ndi amene amadzaza msanga, ndipo pakadzaza ngakhale imelo imasiya kulowa. Akaunti ikakhala zaka 2 osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa, ndiye muzilowamo nthawi zina.

Musatumize linki ya alubamuyo kenako n'kumakalipa kuti amayi sakutsegula. Bandulo ya WhatsApp yokha, kaya ya Airtel kaya TNM, si ya zimenezo. Aguleni ya intaneti yonse. Onetsetsaninso kuti foni isamakweze makanema ndi bandulo yawoyo, apo ayi ithera usiku umodzi iwo ali mtulo.

Linkiyo musaiponye m'gulu la banja, chonde. Aliyense amene waipeza amaona zonse. Ndipo chithunzi cha pasipoti kapena pemiti yanu chikufuna chiyani mu alubamu ya zidzukulu? Chotsanimo lero.

Pophunzitsa, iwalani mawu a pakompyuta. Amayi anga ndimawauza kuti agwire kaduwa ka mitundu inayi (chizindikiro cha Google Photos), asindikize pomwe pali nkhope ya mdzukulu wawo, azikoka chala ngati akutsegula tsamba la buku la nyimbo. Zitatu zokhazo, tsiku loyamba osawonjezera. Muziwaimbira pafoni ina, chifukwa pa yomweyo amasokonezeka ndipo nonse mutha kupsetsana mtima. Akafunsa kachisanu, yankhani kachisanu. Ndi makolo anu, si bwana wanu wakuntchito amene mumamunyinyirikira.

Kabini kotayira zinyalala ka mu Google Photos auzeni asakakhudze n'komwe. Ambiri amaganiza kuti akufufuta m'foni mokha, pomwe chithunzicho chikuchokanso pa intaneti. Foni ikadandaula kuti yadzaza, akuimbireni inuyo, asapitenso pa tauni.

Sankhani mwana mmodzi wapakhomo, mmodzi yekha, woti aziwathandiza. Kwathu ndi mwana wa mlongo wanga wa Fomu 3. Pasiwedi ndinailemba kumapeto kwa Baibulo la amayi ndipo iyeyo sakudziwa kuti ili pamenepo.