Mimba yoyamba: chochita mukamada nkhawa ndi thanzi la mwana amene mukuyembekezera

Mayi amene waima koyamba amasenza mwana amene sanamuonepo, ndipo mafunso ambiri amamufikira usiku anthu onse atagona: kodi mwanayu ali moyo, kodi ali ndi ziwalo zonse, nanga bwanji mimba yanga ikuoneka yaing'ono kusiyana ndi ya mnzanga amene tinaima mwezi umodzi? Ndaperekezapo ana a abale anga angapo kusikelo kuno ku Zomba, ndipo chimene ndaona n'chakuti mtsikana amanyamuka pakhomo ali ndi mafunso odzaza mumtima, koma akalowa kwa anamwino amangoti ali bwino, n'kubwerera nawo onse mafunso aja. Kuda nkhawa si umboni wakuti mwana ali pa vuto. Chofunika ndi kusiyanitsa nkhawa yothamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo, yokafunsa pa tsiku la sikelo, ndi imene yangobwera ndi zokamba za anthu.

Yambani sikelo mimba isanakwane masabata 12. Amayi ambiri amadikira kuti mimba ioneke kaye poopa kuti anthu oipa mtima angaimange, ndipo kubisira oyandikana nawo ndi ufulu wanu, koma anamwino musawabisire, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masabata oyambirira enieni, pamene mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi folic acid amafunika kwambiri. Kuyambira mu 2016 bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, ndipo dziko lathu linatsatira ndondomekoyi. Pa ulendo woyamba adzakuyezani HIV, chindoko, kuchuluka kwa magazi ndi kuthamanga kwake. Kuyezetsa kumeneku n'kumene atsikana ambiri amakuopa, chonsecho n'kumene kumapulumutsa ana: chindoko chimatha kupha mwana m'mimba mayi asakumva kupweteka kulikonse, koma chimachira ndi jakisoni wa penicillin, bola bambo wa mwanayo alandirenso mankhwala. Mukapezeka ndi HIV mumayamba ma ARV nthawi yomweyo, monga zakhala zikuchitikira m'Malawi kuyambira mu 2011, ndipo mukamamwa mosadumphitsa, mwana n'kupatsidwanso mankhwala ake akabadwa, mwayi woti asatenge kachilombo ndi waukulu kwambiri.

Mantha a miyezi itatu yoyambirira ndi a kupita padera. Dziwani kuti mimba zambiri zimene zimachoka pa nthawiyi zimachoka chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, osati chifukwa munatunga madzi, munasinja kapena munakwera kabaza. Masabata 12 akadutsa, chiopsezochi chimachepa kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene mayi amachidziwa kuposa namwino aliyense, ndicho kusewera kwa mwana wake. Pa mimba yoyamba ambiri amayamba kukumva pakati pa masabata 18 ndi 20, poyamba ngati kampweya kakuyenda m'mimba, moti ena sazindikira n'komwe kuti ndi mwana. Masabata 24 akakwana musanamve kalikonse, kanenani kusikelo. Kuyambira pamenepo phunzirani khalidwe la mwana wanu, pakuti wina amavuta mayi akangodya nsima, wina amadikira kuti mayi agone. Musamuyerekeze ndi wa mnzanu. Muyerekezeni ndi mmene anachitira dzulo ndi dzana. Tsiku limene mwaona kuti wachepetsa, siyani ntchito, mugone chammbali, makamaka kumanzere, ndipo mumvetsere. Akapanda kubwerera pa chizolowezi chake m'maola awiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, ngakhale ndi Lamulungu, ndipo ngati wasiyiratu kusewera musadikire n'komwe maola awiriwo. Mudzamva akuluakulu ena akunena kuti mwana akayandikira kubadwa amakhala chete chifukwa malo amuchepera. Mawu amenewa musawamvere. Kasewero kake kamasintha, amatukuza m'malo momenya, koma mwana wathanzi amasewera mpaka tsiku lobadwa. Kuli bwino anamwino akubwezeni akuseka kuti munachita mantha pachabe kusiyana ndi kudikira kuti kuche.

Zizindikiro zina zosadikira nazo ndi kutaya magazi, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, kutentha thupi, kupweteka kwambiri kwa m'mimba, kubanika, ndi mutu waukulu wobwera pamodzi ndi kuona zachimbuuzi kapena kutupa nkhope ndi manja. Kutupa pang'ono kwa mapazi madzulo kumachitikira ambiri, koma nkhope ikatupa, magazi angakhale akuthamanga kwambiri, vuto limene limakonda mimba yoyamba ndipo limatha kufika pa kukomoka.

Amayi amaopa kwambiri zolemala zimene sizichitika kawirikawiri, n'kumapeputsa malungo amene ali pakhomo. M'madera a kumunsi monga ku Jali, ku Kachulu ndi m'mbali zonse za nyanja ya Chilwa udzudzu suchoka, ndipo mayi wa mimba yoyamba ndiye amene malungo amamupweteka koposa. Tizilombo timabisala mu nsengwa, mwana n'kumalandira chakudya chochepa, kenako n'kubadwa wonyentchera kapena masiku asanakwane, pamene mayi mwini sanagone n'komwe ndi malungowo. Gonani mu neti usiku uliwonse, ndipo mumwe Fansidar amene amaperekedwa kusikelo mimba ikadutsa miyezi itatu, kosachepera katatu, motalikitsa mwezi umodzi. Amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sayenera kumwa Fansidar, choncho onetsani buku lanu lakuchipatala nthawi zonse. Mapiritsi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawachititsa nseru, koma zimenezi sizivulaza mwana. Yesani kumwa pogona, ndipo musamwere tiyi chifukwa amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, choncho musachite nacho manyazi pouza anamwino.

Mafunso osafuna changu alembeni papepala ndipo mulipachike m'buku lakuchipatala, chifukwa mzere ukatalika, namwino ali yekha, mutu umauma. Akamayeza mimba ndi tepi, funsani kuti wapeza masentimita angati: kuyambira masabata 24, nambalayo imayendera pafupi ndi masabata a mimba, ndipo ndiyo muyeso woona, osati maso a anthu a pamjigo. Akamamvetsera mtima wa mwana, dziwani kuti umagunda mofulumira, pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi imodzi. Funsaninso kumene mungakajambulitse mimba masabata 24 asanakwane, kuti mudziwe msinkhu wake weniweni ndiponso ngati muli ndi mapasa. Mukauzidwa pa miyezi isanu ndi iwiri kuti mwana wakhala chogona kapena watsogoza matako, musataye tulo, chifukwa ambiri amatembenuka okha pofika masabata 36.

Tsopano za pamudzi. Anamkungwi ndi agogo, kaya pa chisamba kaya pa litiwo, amaphunzitsa zambiri zabwino za ukhondo ndi kupirira, ndipo sindikuti muwanyoze. Kusaima pakhomo kapena kusamanga mfundo pachitenje sikupweteka aliyense, mukhoza kutsatira kuti pakhomo pakhale mtendere. Koma lamulo likamakuchotserani chakudya, pamenepo kanani mwaulemu: mazira sachititsa mwana kubadwa wopanda tsitsi, ndipo pamodzi ndi usipa, matemba, nyemba, mtedza ndi masamba obiriwira ndi amene amamanga thupi lake. Choopsa kwenikweni ndi mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, amene palibe amadziwa mlingo wake ndipo amatha kufinya chiberekero mpaka mwana kubanika kapena chiberekerocho kung'ambika. Mowa ndi fodya zisiyeni, ndipo musagule mapiritsi pagolosale musanafunse. Mwana wachialubino amatengera kumtundu kwa makolo onse awiri, osati chifukwa mayi anaseka kapena anakumana ndi munthu panjira, ndipo mapazi opindika amawongoka ndi chikhakha ngati mwana wapita naye kuchipatala m'masabata oyambirira.

Ena amaopa kuti mwana akabadwa masiku asanakwane ndiye kuti basi. Ife a ku Zomba tili ndi chifukwa cholimbira mtima, pakuti njira ya kangaroo, yoika khanda pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu n'kulimanga ndi chitenje, inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 isanafalikire m'zipatala zina za m'dziko muno. Khanda lobadwa masabata 37 asanakwane, kapena losafika makilogalamu 2.5, limafuna kutentha, mkaka wa m'mawere ndi kutetezedwa ku matenda, ndipo pa kangaroo bambo, agogo kapena azakhali akhoza kulandizana ndi mayi.

Mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe, konzani zitenje zochapa, beseni, chipewa ndi masokosi a mwana, ndipo mugwirizane ndi wokuperekezani komanso wa njinga yamoto kapena galimoto amene angadzuke usiku. Lembani pachikuto cha buku nambala yake, ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndi ya Chipatala Cha Pa Foni, kumene mumaimba foni n'kulandira malangizo a zaumoyo. Ngati mumakhala kutali, monga ku Chingale kuseri kwa phiri kapena pachilumba cha Chisi kumene ulendo umadalira bwato, pemphani anamwino akuuzeni tsiku lokayamba kudikirira kuchipatala, makamaka ngati masiku anu akugwera m'nyengo ya mvula. Mukachira, yamwitsani mu ola loyamba ndipo mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, pa mchombo musapake chilichonse chimene simunapatsidwe kuchipatala, ndipo khanda likakana kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likamapuma mofulumira kapena likachita chikasu m'maso ndi m'manja, bwererani nalo msanga osadikira tsiku limene anakulemberani m'buku.