Kupeza nkhani ya kafukufuku yomwe magazini akulipiritsa

Mwafunsa chochita mukapeza nkhani ya kafukufuku pa intaneti koma eni magazini akufuna ndalama kuti muiwerenge. Musafulumire kulipira.

Yambani mwakopera DOI ya nkhaniyo, nambala yoizindikiritsa yoyamba ndi 10 yomwe imakhala pafupi ndi mutu. Kenako lembani mutu wonse mu Google Scholar, tsamba la Google lofufuzirapo nkhani za kafukufuku. Kudzanja lamanja kukaoneka mawu akuti PDF, dinani pomwepo. Ngati palibe, dinani "All versions", chifukwa kawirikawiri wolemba amakhala atasunga kope lina m'nkhokwe ya yunivesite yake.

Zikakanika, ikani Unpaywall, kapulogalamu kothandiza kupeza makope aulere, pa Chrome kapena Firefox, mutsegulenso tsamba la nkhaniyo. M'mphepete mukatuluka kaloko kobiriwira, kope laulere lovomerezeka lilipo. Za masamu ndi fizikisi muzifune pa arXiv, ndipo zaumoyo pa PubMed Central, masamba a pa intaneti osunga nkhani za kafukufuku zaulere. Apa samalani ndithu: kope la pa arXiv nthawi zina limakhala loti akatswiri ena sanaliunike, choncho lifananizeni ndi la m'magazini ngati mungathe, ndipo potchula gwero mulembe DOI ija.

Zonsezi zikalephereka, lemberani wolembayo imelo yaifupi yaulemu, mutchule mutu ndi DOI, mupemphe kope. Ambiri amatumiza mosanyinyirika.