Mmene mungapangire gemu ya sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja

Munthu amene akufuna kupanga yekha gemu ya pakompyuta yoyerekezera sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja ayenera kudziwiratu kuti kukoma kwa gemu yotere sikuli pa kuphulitsa mabomba, koma pa kudikira, kumvetsera, ndi kusankha chochita pamene wosewerayo sakumuona bwino mdani wake.

Yambani ndi kusankha sitima imodzi yokha. Yosavuta kuifufuza ndi Type VIIC ya ku Germany, yomwe inkasaka sitima zonyamula katundu m'nyanja ya Atlantic pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, pakati pa 1939 ndi 1945. Inali yaitali pafupifupi mamita 67, inkanyamula mabomba a torpedo 14 ndi anthu oposa 40. Imodzi ya mtundu umenewu, U-995, idakalipo ku Laboe pafupi ndi mzinda wa Kiel ku Germany, ndipo zithunzi za mkati mwake zikhoza kukuthandizani pojambula zipinda.

Maziko a gemu yonse akhale pa mfundo iyi: pamwamba pa madzi sitimayi inkayendera injini za dizilo pa liwiro la ma knot pafupifupi 17 (knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.85 pa ola), koma ikamira inkadalira mabatire, ndipo liwiro lake silinkafika ma knot 8, komanso ikathamanga chotero mabatirewo ankatha msanga. Choncho lembani kaye malamulo a mabatire, mpweya wopuma, mafuta ndi kuya kwa madzi musanajambule chilichonse chokongola. Pa mlungu woyamba sitima yanu ikhale bokosi chabe, mdani akhale bokosi lina, malinga ngati kumira ndi kuyandama zikutheka bwino. Mapulogalamu a Godot (yopangira magemu) ndi Blender (yojambulira zithunzi za 3D) ndi aulere ndipo ndi okwanira pa ntchitoyi.

Pali vuto limodzi lomwe limagwetsa ambiri: nyanja ndi yaikulu kwambiri, ndipo sitima ikatalikira kwambiri pakati pa dziko la gemu, manambala a kompyuta amayamba kuphonya pang'ono, zithunzi n'kumanjenjemera. Njira yake ndi kusiya sitimayo pakati nthawi zonse, n'kumasuntha nyanja ndi zina zonse mozungulira iyo. Muikenso batani lofulumizitsa nthawi, chifukwa ulendo wochoka ku doko la Lorient ku France kukatchinga sitima zochokera ku doko la Halifax ku Canada unkatenga masiku ambiri, koma nthawiyo izibwerera yokha mwakale mlonda akangoona utsi kapena ndege.

Ine ndimaona kuti phokoso ndi limene liyenera kukudyerani nthawi yambiri. Pansi pa madzi wosewera alibe maso, ali ndi makutu okha: hydrophone, chida chomvetsera phokoso m'madzi, imamuuza mbali yomwe kukuchokera kulira kwa mapulopela, koma siimuuza mtunda weniweni. Kenako kumamveka kulira kwa ASDIC, chida cha sitima yolondera ya adani chofufuzira sitima zapansi pa madzi, kukugunda pa chitsulo, kenaka chete, kenaka mabomba omira m'madzi. Kachetechete wa pakatiyo musamudzaze ndi nyimbo, chifukwa mantha onse ali mmenemo.

Pa kuwombera, lolani wosewera awerengere yekha. Akalemba pa mapu malo a mdani, n'kulembanso patapita mphindi 3 ndi masekondi 15, mtunda wa pakatipo m'mamita akaugawa ndi 100 amapeza liwiro la mdaniyo m'ma knot. Mupatseninso mitundu iwiri ya torpedo, G7a yothamanga koma yosiya thovu looneka pamadzi, ndi G7e yamagetsi yosasiya mkwasa koma yoyenda pang'onopang'ono.

Ulendo umodzi ukangotheka kuyambira padoko mpaka kubwerera, ikani gemuyo pa webusaiti ya magemu ya itch.io, pomwe salipiritsa, kuti anthu aiyese. Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imafuna madola 100 pa gemu iliyonse, ndiye ndalamayo muilipire pokhapokha oyesawo atasiya kufunsa kuti batani lomiza sitima lili pati.