Kukhazikika M'tauni Yachilendo pa Ulendo Wautali Wokakwera Matanthwe

Ulendo wa mwezi umodzi kapena itatu wokakwera matanthwe umasiyana kwambiri ndi wa kumapeto kwa sabata. Pa ulendo wa masiku awiri munthu atha kugona paliponse ndi kukwera mpaka khungu la zala litasupuka, podziwa kuti akapumira kwawo. Pa ulendo wautali, zala zomwezo ndi zimene ziyenera kukufikitsani tsiku lomaliza, choncho sabata yoyamba ndi bwino kuithera pokonza pogona, podyera ndi anzanu okwera nawo, ndipo njira yovuta imene mwakhala mukuilota idikire kaye.

Musananyamuke, werengani masiku amene malamulo akukulolani kukhala. M'mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, monga Greece, Spain ndi France, mlendo wobwera kudzacheza amaloledwa masiku 90 okha m'masiku 180 alionse, ndipo masikuwo amawerengedwa pamodzi, moti kuchoka ku Spain n'kulowa ku France sikuchititsa kuti kuwerengako kuyambirenso. Ku paki ya Yosemite, ku America, munthu amaloledwa kugona m'misasa ya pakiyo usiku 30 pa chaka, ndipo kuyambira pa 1 May mpaka pa 15 September amangololedwa usiku 14. Nyengo nayo ndi yofunika kuifufuza: pachilumba cha Kalymnos, ku Greece, anthu ambiri amakwera mu April, May ndi October, pamene ku Rocklands, ku South Africa, amapitako m'miyezi yozizira ya June mpaka August.

Pankhani ya pogona, musalipiriretu miyezi yonse musanaone malowo ndi maso anu. Lipirani masiku atatu kapena anayi, kenako yendani wapansi kuchoka pakhomopo kukafika pathanthwe, chifukwa mtunda umenewu ndi umene mudzauyenda pafupifupi tsiku lililonse mutasenza chingwe ndi madzi. M'mudzi wa Masouri ku Kalymnos matanthwe ambiri ali pamwamba pa nyumba zomwe, moti galimoto simuifuna kwenikweni. Ku Fontainebleau, ku France, miyala inamwazikana m'nkhalango yaikulu, ndipo wopanda galimoto kapena njinga amangodalira chifundo cha ena. Ku Céüse, ku France komweko, kuli chitunda chotenga pafupifupi ola lathunthu munthu asanagwire n'komwe thanthwe. Nyumbayo ikhale ndi pophikira, poyanika zovala ndi malo ouma osungira chingwe kutali ndi dzuwa komanso asidi wa mabatire. Eni nyumba ambiri amatsitsa lendi kwa munthu wokhala mwezi wathunthu, makamaka mukalankhula nawo pamaso.

Mukakhazikika, gulani buku la njira lolembedwa ndi anthu a komweko, ngakhale mutakhala ndi pulogalamu ya pafoni monga Mountain Project kapena theCrag. M'madera ambiri gawo la ndalama za bukulo limathandiza kusintha mabawuti akale okhomedwa m'thanthwe, pokolekapo chingwe, amene inuyo mudzawadalira mukagwa. Bukulo limakuuzaninso kutalika kwa chingwe chofunika (njira zambiri za ku Kalymnos zimafuna cha mamita 70 kapena 80, ndipo mfundo ya kumapeto kwa chingwe isasowe) komanso nthawi imene khoma lililonse limakhala pamthunzi. Manambala osonyeza kuvuta kwa njira musawakhulupirire msanga. Pamapepala, 6a ya kawerengedwe ka ku France ndi pafupifupi 5.10a ya ku America, koma munthu wozolowera mwala wa laimu amatha kuvutika pamwala wamchenga wa nambala yomweyo. Yambani ndi njira zosavuta kwa masiku angapo mpaka mapazi atauzolowera mwalawo.

Dera lililonse lili ndi zoletsa zake. Mwala wamchenga umafewa ukanyowa, ndipo pogwira pakabenthuka sipabwereranso, n'chifukwa chake ku Fontainebleau ndi ku Red Rock, ku Nevada, okwera amadikira kuti uume mvula ikagwa. Ku Rocklands pamafunika chilolezo cholipira, ku Hueco Tanks ku Texas amachepetsa chiwerengero cha anthu olowa pa tsiku, ndipo makoma ena amatsekedwa kwa miyezi ingapo mbalame zikamaswana.

Chovuta kwambiri kwa munthu wofika yekha ndi kupeza womugwirira chingwe, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti ambiri amapupuluma. Anzanu mudzawapeza pamsasa, m'sitolo ya zipangizo zokwerera, m'magulu a pa Facebook kapena WhatsApp a deralo, ndiponso pansi pa thanthwe pomwepo. Koma munthu wochezeka madzulo sikuti ndiye wosamala pachingwe. Tsiku loyamba pitani naye panjira imene simungagwe, ndipo muone ngati dzanja lake limachoka pachingwe, ngati amaima pafupi ndi khoma, ndiponso ngati maso ake ali pa inu kapena pa macheza. Musanachoke pansi, aliyense aone mfundo, lamba ndi chogwirira chingwe cha mnzake, ndipo mugwirizane mawu amene muzifuula, popeza mwina simulankhula chinenero chimodzi, komanso mugwirizane ngati adzakutsitsani kapena mudzatsika nokha mukafika pamwamba. Ngozi zambiri zoopsa zachitika chifukwa cha kusamvana pa nkhani yomalizayi. Ngati mukusiyana kwambiri kulemera, nenani poyera. Ndipo ngati simunakhutire ndi munthuyo, kumukana mwaulemu si mlandu.

Masiku opuma aikidwe m'ndondomeko kuyambira pachiyambi. Minofu imalimba msanga kuposa mitsempha ya m'zala ndi m'zigongono, choncho munthu amamva mphamvu pamene zala zake zatsala pang'ono kuvulala. Ambiri amakwera masiku awiri n'kupuma limodzi. Tsiku lopumalo ndi lochapa, logula chakudya cha sabata ndi logwira ntchito ya pa intaneti ngati muli nayo, ndipo ndi limenenso mungafufuze kumene kuli chipatala chapafupi. M'mayiko a European Union nambala ya ngozi ndi 112, koma onani ngati foni imagwira pansi pa thanthwe limene mumapitako. Inshuwalansi wamba ya apaulendo nthawi zambiri sikhudza kukwera matanthwe, choncho werengani pepalalo ndi kuona ngati likutchula masewerawa komanso ndalama zokupulumutsirani kuphiri.

Kumbukiraninso kuti matanthwe ambiri ali pamalo a anthu ena, ndipo alipo amene anatsekedwa eni ake atatopa ndi alendo. Musaimike galimoto potsekereza njira ya kumunda, tsekani chipata chilichonse chimene mwachipeza chotseka, pukutani choko cha m'manja chimene chatsala pamwala mukamaliza, ndipo mapepala a kuchimbudzi mubwerere nawo m'thumba. Phunzirani moni ndi mawu othokoza m'chinenero cha komweko, ndipo muzigula zinthu m'masitolo a m'tauniyo. Mukamva kuti okwera a kumeneko akonza tsiku lolambula tinjira kapena lotola zinyalala, pitani ndi magolovesi anu, chifukwa anthu amene mudzawapeze kumeneko ndi amene amadziwa khoma limene limauma msanga mvula ikakata.