Momwe mungachitire kuti kasewero kanu ka pa browser kazimva kiyibodi

Ophunzira za kompyuta ambiri muno mu Lusaka, kaya ku UNZA kaya ku Evelyn Hone, amayamba ndi kasewero kakang'ono, mwina ka galimoto yozemba maenje. Chithunzi chimatuluka bwinobwino, koma mukadina mabatani a mivi galimoto ili duu. Kawirikawiri vuto limakhala focus. Kiyibodi imatumiza zimene mwadina ku chinthu chimodzi chokha pa tsambalo, chimene chili ndi focus, ndipo canvas, malo amene kasewero kamajambulidwapo, siitenga focus payokha.

Ngati buku lanu likukambabe za Java applet ndi requestFocus(), dziwani kuti ndi lakale: Chrome inasiya kutsegula ma applet mu 2015, Firefox mu 2017. Panopa ntchitoyi ndi ya JavaScript.

Yambani ndi kuika tabindex="0" pa canvas yanu. Mukatero imalandira focus munthu akaidina ndi mbewa kapena akaifikira ndi batani la Tab. Kenako itanani canvas.focus() tsamba likangotseguka.

Chotsatira, lumikizani keydown (batani likadinidwa) ndi keyup (likasiyidwa) ku canvas yomweyo. Poyendetsa galimoto gwiritsani ntchito event.code, chifukwa imanena malo a batani, monga ArrowLeft kapena KeyW. event.key ndi ya pamene mukufuna chilembo chenichenicho chimene chalembedwa. Za keyCode, njira yakale yodziwira batani, iwalani.

Mabatani a mivi ndi Space amasunthanso tsamba lonse, choncho aletseni ndi preventDefault(). Koma musaletse mabatani onse mwachisawawa. Mukatseka Tab, munthu wosagwiritsa ntchito mbewa amakodwa mkati mwa kasewero kanu, osatulukamo.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Musasunthe galimoto mkati mwa keydown, chifukwa batani likakanikizidwa osalisiya, limayamba ladikira kaye pang'ono kenako n'kumabwereza, ndiye galimoto imayenda modukizadukiza. M'malo mwake sungani mabatani odinidwa mu Set, mndandanda wa JavaScript wosabwereza zinthu: keydown iziikamo, keyup izichotsamo, ndipo mbali yojambula chithunzi iziyang'ana mmenemo. Musaiwale blur, imene imachitika canvas ikataya focus. Munthu akathawira ku WhatsApp chala chidakali pa batani, keyup siifikanso kwa inu, ndipo pobwerera apeza galimoto ikungothamanga yokha. Blur ikachitika, fufutani zonse za mu Set n'kuimitsa kasewero.

Pomaliza, yesani pa foni, poti anzanu ambiri ku Matero kapena ku Chilenje adzatsegulira pamenepo. Focus ya pa canvas siitulutsa kiyibodi ya foni, ndiye jambulani mabatani pa sikirini omvera pointerdown (chala chikakhudza) ndi pointerup (chikachoka), aziika ndi kuchotsa mu Set yomwe ija.