Zimene zimapha munthu wopsa ali kale m'chipatala

Musaganize kuti wopsa akafika kuchipatala akuyankhula ndiye kuti wapulumuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa ndi kupsa chaka chilichonse, ndipo ena amamwalira patapita masiku, ali pabedi m'wodi.

Choyamba kupha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Khungu likapsa malo aakulu, madzi amathawa m'mitsempha, magazi sayenda bwino, impso zimasiya ntchito. Maola 48 oyamba ndiwo oopsa kwambiri. Kukula kwa bala yezani chonchi: chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala zake ndi 1 peresenti ya khungu lake lonse. Mwana akapsa malo oposa zikhatho zake 10, akufunika diripi msanga, osati mawa. Ana aang'ono ndi okalamba sapirira, chimodzimodzi onyentchera ndi odwala shuga. Anamwino akamafunsa za mkodzo, musanyozere, pakuti mkodzo ukachepa ndiye kuti impso zayamba kuvutika.

Amene anapsera m'nyumba yodzaza utsi ali pangozi ina, ngakhale bala lioneke laling'ono. Mawu osasa, mwaye m'mphuno kapena m'makhololo, tsitsi la m'mphuno lowauka, zonsezi muuze dokotala nthawi yomweyo, chifukwa kummero kumatupa mpaka mpweya kusowa podutsa.

Masiku oyambawo akadutsa, otsala ndi majeremusi, ndipo ndiwo amapha ambiri mwa omwe amafa mochedwa. Bala lopanda khungu ndi khomo lotsegula. Majeremusi akalowa m'magazi, thupi limatentha kapena kuzizira modabwitsa, wodwala amapuma mofulumira, amasokonezeka mutu, bala limanunkha. Ena chibayo chimawagwira. Apa ndiye pamene ine ndimadandaula nanu osamalira odwala: mumalola aliyense wobwera kudzazonda kuti akhudze bandeji, ena mpaka kuvundukula kuti aone bala. Sambani m'manja ndi sopo musanamugwire, ndipo bandeji musiyire namwino. Mudyetseninso mokwanira ngakhale akukana, chifukwa thupi lopsa limatha zakudya zambiri, makamaka zomanga thupi, kuti khungu limerenso.

Zambiri zimaonongekera kunyumba. Munthu akapsa, thirani madzi oyera ozizira bwino kwa mphindi 20, osati ayezi, koma thupi lonselo mulifunditse kuti asazizidwe. Musapake mafuta, mazira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera, nyamukani. Ngati anagwera pamoto chifukwa cha khunyu, nenani poyera kuchipatala kuti apatsidwenso mankhwala a matendawo.